Gulu la Pa Tiyi Litseguka

1. Ntchito ya magulu

Pa fakitale ya sopo panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kawaya, chifukwa mwezi wake woyamba pantchito anautha akukwawa pansi pa madesiki, kulumikiza mawaya a makompyuta. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wamfupi, wachangu pantchito, koma wosachedwa kupsa mtima.

Ofesi yake inali kachipinda kopanda windo kumapeto kwa khonde lalitali. Munali madesiki awiri, kabati yachitsulo yosungiramo seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za kampani, ndi fani yakale yosokosa. Desiki linalo linali la mkulu wake wa pantchito, mayi wa imvi amene ankayenda ndi mpukutu wa makiyi m'chiuno. Iwowa anthu ankawatcha Anamakiyi.

Chaka chimenecho kampani inakhazikitsa intraneti, tsamba la pakompyuta limene ankalowapo antchito a pafakitalepo okha. Kale zidziwitso ankazimata pa bolodi la pageti, mvula n'kuzinyowetsa anthu asanawerenge. Tsopano aliyense ankaziona pa foni yake. Ntchito yokonza magulu patsambalo inagwera Kawaya.

Anayamba ndi gulu la antchito onse. Kenako anapanga la madalaivala, la olongedza sopo m'makatoni, la a kosungira katundu, ndi la mabwana. Magulu ena anali otseguka, oti aliyense awerenge. Ena anali otseka, oti azionamo okhawo amene alowetsedwa. Anthu akafuna gulu lawolawo ankalemba pempho, Kawaya n'kulivomereza, n'kuika mmodzi wa iwo kukhala mwini gulu.

Sinali ntchito yofewa. Madalaivala ankaiwala mapasiwedi tsiku ndi tsiku, mpaka wina anachita kulemba yake pachipewa, moti aliyense wokumana naye ankaiwerenga. Mayi wina wa kolongedza anasokoneza magulu, n'kutumiza chithunzi cha mbuzi yake yosowa kwa mabwana. Kawaya ankakonza zonsezi akung'ung'udza, koma ntchitoyo ankaikonda.

Tsiku limene anapatsidwa mphamvu yoyang'anira magulu onse, Anamakiyi anatseka chitseko n'kumukhazika pansi.

"Mwanawe, undimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Kuyambira lero palibe gulu limene lingakukanize kulowa. La mabwana, la odwala amene amakumana ndi anesi, la amayi oyembekezera, onsewo kwa iwe ndi otseguka. Anthu akamalemba m'gulu lotseka amalankhula ngati ali kuchipinda kwawo. Sadziwa kuti iwe ukhoza kuima pakhomo n'kumamvetsera. Ndiye usaime. Ntchito yako ndi kupanga gulu, kulowetsa munthu, kutulutsa amene wasiya ntchito, basi. Zimene akukambirana si zako. Ukaona cholakwika mwangozi, usadine kalikonse. Ubwere kwa ine, ine ndipite nazo ku ofesi yoona za antchito, chifukwa kumeneko ndiye kuli malamulo ake. Ntchito iyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndaona anthu akuchotsedwa, osati chifukwa chosadziwa kompyuta, koma chifukwa chala chinathamanga mutu usanaganize. Wamva?"

"Ndamva, mayi," anatero Kawaya, maso ali pa sikirini.

2. Vidiyo

Patapita miyezi itatu, Lachitatu lina m'mawa, seva inaonetsa kuti malo atsala pang'ono kutha. Anamakiyi anali ndi msonkhano ku nthambi ina ya kampaniyo, ndipo anali atakoleka kale chikwama paphewa.

"Uone magulu amene adzaza zithunzi ndi mavidiyo," anatero ali pakhomo. "Ulembe mayina ake, uwatumizire eni ake uthenga kuti achepetse. Usatsegule kanthu. Ndibwera cha m'ma fili."

Kawaya anatulutsa mndandanda. Pamwamba penipeni panali gulu lotseka la anthu asanu ndi atatu, lotchedwa Pa Tiyi. Analikumbukira. Linali la a m'maofesi akutsogolo, ndipo mwini wake anali mnyamata wa ku malonda amene sankabwera kuntchito wopanda tayi, kaya kutenthe bwanji. Olongedza anamupatsa dzina loti Wamatayi.

Panalibe chifukwa chotsegulira kanthu. Koma vidiyo yaikulu kwambiri m'gululo inali ndi dzina, ndipo dzinalo linkaoneka pamndandanda pomwepo: "A-a-a-abwana."

Pafakitale ponse panali munthu mmodzi yekha amene ankalankhula choncho.

Bambo ake a Kawaya anali atagwira ntchito pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira makatoni kosungira katundu. Anali achibwibwi chibadwire, ndipo pagulu sankakonda kulankhula. Koma sabata yapitayo, pa msonkhano wa zachitetezo, anaimirira kuti anene za simenti imene inang'ambika pakhomo lokwezera katundu.

Kawaya anadina.

Anali iwowo. Anaima pakati pa anthu, chipewa chili m'manja, thukuta lili pamphumi, mawu atakakamira pakhosi. Wina anali atadula pamene anavutikapo kwambiri, n'kupabwereza kakhumi, n'kuikamo kulira kwa ng'oma kuti zizimveka ngati akuimba.

Pansi pake Wamatayi analemba kuti: "Nyimbo yatsopano yatuluka! Tikadikira kuti amalize chiganizo, sopo yense asungunuka."

Wina anayankha: "Ndaseka mpaka tiyi watulukira m'mphuno."

Kawaya sanapitirize kuwerenga. Anaimirira mwamphamvu moti mpando unakagunda kabati ya seva.

3. Ku ofesi ya malonda

Anamupeza Wamatayi atakhala pamphepete mwa desiki, kapu ili m'manja, akucheza ndi anzake awiri.

"Chotsani vidiyo ija," anatero Kawaya.

"Moni kaye, Kawaya. Vidiyo iti?"

"Ya bambo anga."

Anzake aja anayang'anizana. Wamatayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Wadziwa bwanji? Gulu lija n'lotseka. Kapena wayamba kusuzumira m'nkhani za eni?"

"Munthu wamkulu ngati uja, msinkhu wa bambo anu, mukumusandutsa choseweretsa? Mulibe manyazi?"

"Aaa, iwe, ndi nthabwala chabe. Wafa ndani? Wolakwa pano ndiwe. Ukapitiriza phokoso ndikawauza Anamakiyi kuti kamtsikana kawo kamawerenga zinsinsi za anthu. Tione amene atsale pantchito."

"Ndati chotsani!"

"Pita ukaone pulinta yathu, ikutafuna mapepala kuyambira Lolemba. Imeneyo ndiye ntchito yako."

Kawaya anatembenuka kuti azipita. Asanafike pachitseko anamva mawu kumbuyo kwake, opotoledwa dala.

"Pe-pe-pepani, a-a-abwana."

Phwete la kuseka linamutsatira mpaka kukhonde.

4. Kuseri kwa nyumba yosungira katundu

Nthawi ya nkhomaliro bambo ake ankakhala pamalo amodzimodzi, pa thabwa losanjikirapo makatoni kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Kawaya anawapeza atatsegula kontena yawo ya chakudya, folokolifiti ataiimika pamthunzi. Akakhala awiri chibwibwi chinkachepa, chifukwa ankalankhula mosathamanga.

"Nkho-nkhope imeneyo ndimaidziwa," anatero. "Ndi ya amayi ako ndikaiwala kutseka mpopi. Wakulakwira ndani?"

Kawaya anafotokoza zonse, mawu akuthamangitsana. Bambo ake anamvetsera, akutafuna pang'onopang'ono.

"Ndikudziwa," anatero pomaliza. "Ndinamuona ataimika foni."

"Munamuona? Ndiye mwangokhala chete?"

"Pi-pita pakhomo lokwezera katundu paja ukaone. Simenti ija anaikonza Lolemba. Ine ndinaimirira kuti mnzanga asadzagubuduke ndi makatoni, ndipo zatheka."

"Koma akukusekani, bambo!"

Bambo ake anatseka kontena, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Khala pansi, mwanangu. Ukuganiza kuti sizindiwawa? Zimawawa. Ndinayamba kusekedwa ndili sitandade wani. Aphunzitsi ankandidumpha powerenga kuti nthawi isathe. Tsiku lokafunsira amayi ako ndinatha mphindi zisanu pa mawu amodzi, mpaka iwo anachita kundimalizira. Ndi-ndikanati ndizimenya aliyense wondiseka, bwenzi ndili kundende, iwe sukanaphunzira n'komwe. Sindikuti zimene wachita mnyamata uja n'zabwino. N'zoipa, ndipo ayenera kuyankha. Koma nkhani ngati imeneyi ili ndi njira yake. Dikira Anamakiyi abwere, uwauze zoona, kuti unatsegula chimene anakuletsa, ndipo wapeza chakuti. Ukafuna, ine ndipita nawe ku ofesi yoona za antchito. Ndikalankhula ndekha, ngakhale zitenge ola lathunthu. Koma ma-makompyuta aja usawagwiritse ntchito pobwezera. Anakupatsa kuti usunge za anthu onse, oipa ndi abwino omwe. Ukakwiya suona bwino, mwanangu. Ndakulera ine, ndikukudziwa."

"Mumangololera zilizonse!" anatero Kawaya ataimirira. "N'chifukwa chake amakupondani. Zaka zonsezi muli pa folokolifiti pomwepo, anyamata a dzana akukuseweretsani, inu n'kumati ili ndi njira yake!"

Bambo ake anangoyang'ana pansi, n'kuvala chipewa.

Kawaya anadziwa kuti walankhula mawu olasa, koma sanabwerere.

5. Batani

Anafika mu ofesi itangokwana wani koloko. Anatseka chitseko, n'kulowa patsamba loyang'anira magulu. Anapeza Pa Tiyi. Pambali pa dzinalo panali mawu oti gululi n'lotseka, ndi kabokosi kosinthira.

Anasintha kuti likhale lotseguka.

Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Inachenjezanso kuti zonse zimene zinalembedwa m'gululi kuyambira tsiku loyamba zidzaonekera kwa antchito onse. Kawaya anaona mawuwo, koma sanawawerenge mpaka kumapeto. Anadina povomereza.

Sanalekere pomwepo. Anakweza gululo patsamba loyamba, pamene amaikapo zidziwitso za mabwana, n'kulemba pamwamba pake kuti: "Bwerani muone mmene a m'maofesi amatichitira ulemu ife a ovolosi."

Sipanathe mphindi khumi, mafoni anayamba kulira fakitale yonse. Kawaya anatuluka n'kukaima pa masitepe oyang'ana kolongedza. Amayi anali ataunjikana atatuatatu, mitu ili pamodzi. Lamba woyendetsa sopo ankangozungulira, makatoni osadzaza.

"Ndi ndani wachita zimenezi kwa madala athu?" anakuwa mayi wina.

"Ndi Wamatayi! Abwere kuno adzatiimbire ifenso!"

Madalaivala atatu anakwera masitepe kulunjika ku ofesi ya malonda. Wamatayi atawaona anadzitsekera m'chimbudzi cha mabwana. Anthu anaseka, ena anaimba mluzu. Dalaivala wa pasiwedi ya pachipewa uja anamugwira Kawaya dzanja.

"Wagwira ntchito, Kawaya! Aone polekera."

Kawaya anabwerera mu ofesi mtima uli m'malo. Anakhala pampando, n'kumaonerera nambala ya owerenga ikukwera. 60. 95. 130.

6. Achemwali a pa risepushoni

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Analowa mayi wa pa risepushoni, amene ankalandira alendo ndi kuyankha mafoni pakhomo lalikulu. Kawaya ankawatcha achemwali. Ndi iwo amene anamuonetsa malo onse tsiku lake loyamba, ndipo kangapo konse anamubwereka ambulera. Tsopano nkhope yawo inali itatuwa, foni ili m'manja.

"Watsegula ndiwe?"

"Eee, ndine. Munaona zimene anawachita bambo anga? Inunso muli m'gulu lomwelo, achemwali."

"Unawerenga zonse?"

"Ndinawerenga zokwanira."

"Tsitsa pansi. Tsitsa!"

Kawaya anatsitsa. Pansi pa ndemanga zoseka zija panali ina, ya achemwaliwo: "Chotsani ichi. Bambo awa ndi munthu waulemu, ndipo mwana wawo timagwira naye ntchito. Mukapanda kuchotsa, ine ndituluka m'gulu muno."



"Sindinaione imeneyi," anatero Kawaya.

"Si imeneyo ndabwerera. Kwera m'mwamba. Mwezi watha."

Unali uthenga wautali. Achemwaliwo ankauza anzawo asanu ndi awiriwo kuti achoka kwa amuna awo chifukwa cha nkhanza, ndipo apolisi anawalamula amunawo kuti asawayandikire. Analemba kuti akubisala kwa azakhali awo, n'kutchula msewu ndi mtundu wa geti, kuti wina azitha kuwaperekeza poweruka. Anatchulanso sukulu ya mkaka imene anasamutsirako mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi. Pomaliza analemba kuti: "Chonde zithere muno. Mng'ono wa amuna anga amagwira ntchito kolongedza."



"Mwezi wathunthu ndakhala ndikugona tulo," anatero achemwaliwo, mawu ali pansipansi. "Mwezi umodzi wokha pa zaka zisanu ndi chimodzi. Iwe wandigulitsa ndi chala chimodzi."

"Achemwali, sindinadziwe..."

"Unafunsa ndani? Unaona dzina langa pamndandanda, sunaganize zobwera kudzandifunsa? Ndikanapita nawe ndekha kwa mabwana! Tseka! Ukudikira chiyani?"

Kawaya anabwezera gululo kukhala lotseka, n'kulichotsa patsamba loyamba. Atamaliza anayang'ana nambala ya owerenga. Inali 146. Anatsegula mndandanda wa mayina awo. Achemwaliwo anawerama, n'kuloza ndi chala dzina limodzi chapakati.

"Mlamu wanga uyo."

Kawaya anathamangira ku masitepe. Pamalo pamene mlamuyo ankaima polongedza panalibe munthu. Anafunsa mayi woyandikana napo.

"Watuluka kalekale," anayankha mayiyo. "Amati akukaimba foni."

7. Anamakiyi abwera

Anamakiyi sanadikire fili koloko. Wina anali atawaimbira, ndipo makiyi awo anamveka kuchokera kumayambiriro kwa khonde. Analowa, n'kuponya chikwama padesiki. Anayang'ana achemwali aja, amene ankayesa kuimbira azakhali awo koma foni osayankhidwa. Kenako anayang'ana Kawaya.

"Dzuka pampando umenewo."

Kawaya anadzuka. Anamakiyi anakhalapo, n'kulowa ndi pasiwedi yawo. Anachotsa dzina la Kawaya pa oyang'anira magulu iye akuona.

"Mayi, ndatseka kale..."

"Watseka chiyani? Anthu 146 awerenga. Ena ajambula ndi mafoni awo. Ukatseka m'mitu mwawo? Ukalowa m'matumba mwawo kukafufuta?"

"Anawanyoza bambo anga!"

"Ndaiona vidiyoyo, ndipo yandinyansa kuposa mmene ukuganizira!" Anamakiyi anamenya desiki ndi chikhatho. "Bambo ako anandipeza pano, ndimawadziwa bwino. Anandinyamulira kabati iyi pamene ena ankati si ntchito yawo. Ukanandidikira maola awiri okha, mnyamata uja bwenzi mawa akulongosola yekha pamaso pa mabwana, umboni uli patebulo. Gulu likanatsekedwa mwadongosolo, za mayi awa osatuluka. Tsopano taona. Iye wasanduka wodandaula. Wakalemba kale kalata yoti woyang'anira magulu waulula zinsinsi za antchito, ndipo sakunama. Anesi andiimbira, akuti odwala awo akufuna kutuluka m'gulu lawo. Amayi oyembekezera akufufuta zimene analemba. Miyezi itatu takhala tikuwanyengerera anthu kuti alikhulupirire tsamba ili, iwe waligwetsa pa ola limodzi. Ndipo zonsezo n'zazing'ono. Tsamba tikhoza kumanga lina. Ntchito ukhoza kupeza ina. Koma mayi awa anakulakwira chiyani? Mwana wawo anakulakwira chiyani? Kompyuta inakufunsa ngati ukutsimikiza. Inakuuza kuti zonse zioneka. Unawerenga?"

Kawaya anagwetsa nkhope.

"Ndikufunsa iwe! Unawerenga?"

"Ayi, mayi."

Pakhomo panaima munthu. Anali bambo ake a Kawaya, chipewa chili m'manja monga mu vidiyo muja. Fakitale yonse inali itawaona tsopano, ngakhale amene sanali pa msonkhano. Sanamuyang'ane mwana wawo. Anayang'ana achemwali a pa risepushoni.

"Ma-mayi, ndamva. Pepani. Ndi mwana wanga."

Mawu amenewo anamupweteka Kawaya kuposa kukalipa konse kwa Anamakiyi.

"Za pepani tiziona pambuyo," anatero Anamakiyi ataimirira. "Panopa tiganize za mwana. Mayi, azakhali sakuyankha?"

"Sakuyankha. Masana amakhala kumsika."

"Imbirani kusukulu. Muwauze kuti asapereke mwana kwa wina aliyense, ngakhale atanena kuti ndi ndani. Bambo, thamangani mukauze dalaivala amene ali pafupi atulutse galimoto, ndikasaina ine. Iwe Kawaya, tenga foni iyo uimbire apolisi."

Kawaya anatola foni ya padesiki. Asanadine nambala, achemwali aja anali atapeza kale sukulu. Anaika foni yawo padesiki kuti onse azimva.

"Halo, aphunzitsi? Ndine mayi ake a mwana uja ndinabwera naye mwezi watha, wa juzi yachikasu. Chonde musamupereke kwa munthu aliyense. Ndikubwera pompano."

Kumbali inayo kunkamveka ana akuimba. Aphunzitsiwo anazengereza pang'ono.

"Wa juzi yachikasu? Koma mayi, si inu mwawatuma? Bambo ake a mwanayo angomutenga kumene. Akuti mwadwala kuntchito."